Kodi "Munthu" Ndani? Kate Sheppard ndi Nkhondo ya Mawu ku New Zealand

Mawu Oyamba

Pa 19 Seputembala 1893 bwanamkubwa wa dziko la New Zealand, Lord Glasgow, adasayina lamulo lopereka ufulu wovota kwa amayi azaka 21 kapena kuposera apo. Dzikoli lidakhala loyamba mwa mayiko odzilamulira okha kulola amayi kusankha nawo aphungu a nyumba ya malamulo. Amene adatsogolera ntchito yomenyera ufuluwu ndi Mayi Kate Sheppard, omwe sadabadwire m'dzikomo. Iwo adachita kubwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku England ali ndi zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo lero nkhope yawo ili pa ndalama ya pepala ya madola 10 ya dzikolo.

Chimangirizo chino chikufotokoza moyo wa mayiwa poyang'ana kwambiri chida chimene adagwiritsa ntchito, chomwe ndi mawu olembedwa. Mayi Sheppard adalibe mpando m'nyumba ya malamulo ndipo adalibenso voti yoopsezera phungu aliyense. Adali ndi cholembera, mapepala ndi amayi anzawo okonzeka kuyenda khomo ndi khomo. Funso lomwe adalimbana nalo lidali la tanthauzo la mawu: lamulo likati "munthu", likunena yani? Tiona kuti tanthauzo la liwu m'lamulo limakhazikitsidwa ndi amene ali ndi mphamvu, ndipo limasintha anthu akalimbikira kulisintha. Tionanso kuti Mayi Sheppard, pokhala mmodzi mwa Azungu obwera, adamenya nkhondo yawo ataima pa nthaka yomwe eni ake, anthu a mtundu wa Māori, adali atalandidwa kale kudzera m'mawu ena olembedwa.

Mlendo Wochokera ku Liverpool

Mayi Sheppard adabadwira mumzinda wa Liverpool chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840, ndipo dzina lawo lobadwa nalo lidali Catherine Wilson Malcolm. Makolo awo, Andrew Malcolm ndi Jemima Souter, adali a ku Scotland. Bambo awo atamwalira mu 1862, mtsikanayu adakakhalako kwa mbale wawo yemwe adali mbusa wa mpingo wa Free Church of Scotland m'tauni ya Nairn. Chikhristu chomwe adakula nacho chinkaphunzitsa kuti wokhulupirira ali ndi udindo wokonza zolakwika za pakati pa anthu, ndipo chiphunzitsochi adakhala nacho moyo wawo wonse.

Chakumapeto kwa 1868 mayi awo adatenga ana n'kukwera sitima yotchedwa Matoaka, yomwe idayenda pafupifupi miyezi itatu isadakocheze pa doko la Lyttelton mu Febuluwale 1869. Banjali lidakhazikika ku Christchurch, komwe mchemwali wawo Marie adali atatsogola kale. Mzindawu udali usadathe ndi zaka makumi awiri zomwe, pakuti Angerezi obwera ndi bungwe la Canterbury Association adaukhazikitsa mu 1850. Mu 1871 Kate adakwatiwa ndi Walter Sheppard, munthu wamalonda, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Douglas, adabadwa mu 1880. Banjali lidali lopeza bwino. Mayi Sheppard ankapemphera mumpingo wa Trinity Congregational, komwe ankaphunzitsa Sande Sukulu ndi kuthandiza kusonkhanitsa ndalama za ntchito zachifundo.

Malamulo omwe obwerawa adanyamula kuchokera ku Britain ankamuika mkazi pansi pa mwamuna. Kufikira 1884, katundu ndi malipiro a mkazi wokwatiwa zinkakhala m'manja mwa mwamuna wake. Pofuna kuthetsa banja, mwamuna ankangoyenera kuonetsa kuti mkazi wachita chigololo, pomwe mkazi ankayenera kuonetsa chigololo pamodzi ndi mlandu wina monga nkhanza kapena kuthawidwa. Komabe zinthu zina zinkasintha mofulumira m'dziko latsopanoli. Mu 1877 boma lidakhazikitsa maphunziro a pulayimale aulere kwa anyamata ndi atsikana omwe, ndipo m'chaka chomwecho Kate Edger adakhala mkazi woyamba kulandira digiri m'dzikomo. Pofika 1879 mwamuna aliyense wachizungu wazaka 21 adali ndi voti, kaya ali ndi malo kaya alibe. Motero mayi wophunzira, wamsonkho, adalibe ufulu womwe wantchito wake wamwamuna adali nawo.

Mayi Sheppard sadali woyamba kuona kusalingana kumeneku. Mu 1869 mayi wina wobwera kuchokera ku London, Mary Ann Müller, adasindikiza kabuku kopempha amuna a ku New Zealand kuti apereke voti kwa amayi. Adasayina dzina lobisalira loti Fémmina chifukwa mwamuna wake ankatsutsa maganizo amenewa, ndipo anthu adadziwa mwini kabukuko mu 1898, mwamunayo atamwalira. Nkhani ya Müller ikutionetsa kuti panthawiyo mkazi ankatha kulemba koma kuika dzina lake pansi pa zomwe walemba kudali kovuta. Mfundo iyi ndi yofunika chifukwa njira yomwe Mayi Sheppard adapambana nayo idali yokhudza mayina.

Kuchoka pa Mowa Kufika pa Voti

Chomwe chidawalowetsa Mayi Sheppard m'ndale ndi mowa. M'dziko la obwerali amuna adali ochuluka kuposa akazi ndipo kumwa mwauchidakwa kudali kofala. Bambo akathera malipiro ku malo omwera mowa, amene ankagona ndi njala kapena kumenyedwa ndi mayi ndi ana, ndipo lamulo silinkawateteza mokwanira. Mu 1885 kudafika mlaliki wa ku America, Mary Clement Leavitt, wa bungwe la amayi achikhristu olimbana ndi mowa lotchedwa Women's Christian Temperance Union, mwachidule WCTU. Mayi Sheppard adali mmodzi mwa amene adayambitsa nthambi ya bungweli ku Christchurch.

Poyamba amayiwa adalemba zikalata zopempha nyumba ya malamulo kuti iletse kugulitsa mowa kwa ana ndi kulemba ntchito atsikana m'malo omwera mowa. Aphungu sadachitepo kanthu. Apa amayiwo adatolapo phunziro loti phungu amamvera munthu amene angathe kumuchotsa pampando, ndipo wopanda voti angalire motani sasowetsa phungu tulo. Mu 1887 bungweli lidasankha Mayi Sheppard kukhala mkulu woyang'anira nkhani za voti ndi malamulo m'dziko lonse.

Popeza sakadatha kuyankhula m'nyumba ya malamulo, adafunika amuna oti awayankhulire. Wamkulu mwa iwo adali Sir John Hall, yemwe adakhalapo nduna yaikulu kuyambira 1879 mpaka 1882, ndipo wina adali Alfred Saunders. Hall ndi Mayi Sheppard ankalemberana makalata pokonza nthawi yoperekera bilu ndi zikalata. Adani awo aakulu adali eni makampani ofulula ndi kugulitsa mowa, omwe ankaopa kuti amayi akayamba kuvota malonda awo atsekedwa.

Zifukwa Khumi: Kalembedwe ka Mayi Sheppard

Mu 1888 Mayi Sheppard adalemba kapepala kotchedwa Ten Reasons Why the Women of New Zealand Should Vote, kutanthauza zifukwa khumi zomwe amayi a dzikolo ayenera kuvotera, ndipo kadatumizidwa kwa aphungu onse a nyumba yosankhidwa. Kapepalaka n'kakafupi kwambiri. Mfundo zake n'zoikidwa manambala ndipo iliyonse ikuyamba ndi mlumikizi wa Chingerezi wofanana ndi "chifukwa". Kalembedwe kotere kali ndi ntchito yake. Chiganizo choyamba ndi "chifukwa" ndi yankho, ndiye wowerenga amapezeka kuti wavomera kale funso lomwe lili mumutu wa nkhani, ndipo chatsala n'kungoona ngati mayankhowo ndi omveka. Kubwereza liwu limodzi kakhumi kumathandizanso kuti mfundozo zikumbukike ndi kuwerengedwa mokweza pa msonkhano.

Tikasanthula mfundozo tipeza kuti zili m'magulu awiri. Gulu loyamba likunena za chilungamo. Likuti boma la demokalase lidavomereza kale kuti aliyense wamkulu, wamutu wabwino ndi wosapalamula ali ndi ufulu woyankhulapo pa malamulo omwe ayenera kuwamvera, ndipo palibe adaonetsapo kuti nzeru za amayi n'zofanana ndi za ana kapena kuti amayi ayenera kuikidwa gulu limodzi ndi akaidi ndi odwala misala. Apa wolemba akugwiritsa ntchito mfundo za amuna eni ake powatsutsa. Gulu lachiwiri likunena za kusiyana kwa amayi ndi abambo. Likuti amayi ndi ovuta kuwagula ndi ziphuphu, amaganizira kwambiri za tsogolo la ana, amakonda mtendere, ndipo kupezeka kwawo pa malo oponyera voti kudzachititsa amuna kukhala aulemu.

Magulu awiriwa sagwirizana kwenikweni. Loyamba likuti mkazi avote chifukwa ndi munthu ngati mwamuna, pomwe lachiwiri likuti avote chifukwa ndi wosiyana ndi mwamuna. Kuphatikiza mfundo ziwirizi kudathandiza kukopa anthu amaganizo osiyana. Phungu wokhulupirira ufulu wa aliyense adapeza chomugwira mtima, ndipo phungu wokhulupirira kuti malo a mkazi ndi pakhomo adauzidwa kuti voti idzathandiza mkaziyo kuteteza khomolo. Vuto la mfundo za gulu lachiwiri ndi loti zimamangirira ufulu wa mkazi ku khalidwe lake labwino, ngati kuti mkazi womwa mowa kapena wopanda ana sayenera voti, pomwe mwamuna safunsidwa zimenezo.

Kuyambira 1891 Mayi Sheppard ankakonza tsamba la amayi m'nyuzipepala yolimbana ndi mowa yotchedwa The Prohibitionist, ndipo ankasayina kuti Penelope. M'nthano za Agiriki, Penelope ndi mkazi wa Odysseus yemwe adadikira mwamuna wake zaka makumi awiri, nkumapusitsa amuna omufunsira poluka nsalu masana ndi kuimasula usiku. Dzinali limabweretsa chithunzi cha mkazi wokhulupirika ndi wodekha, komanso wochenjera. Mu 1895 bungwe la WCTU lidayambitsa nyuzipepala yakeyake, The White Ribbon, yoyamba m'dzikolo yomwe eni ake ndi oiyendetsa adali amayi okhaokha, ndipo Mayi Sheppard adali mkonzi wake mpaka 1903.

Chikalata cha Mamita 270

Otsutsa ankakonda kunena kuti amayi ambiri safuna voti, amene akusokosa ndi ochepa chabe. Mfundo yotere singagonjetsedwe ndi nkhani yolembedwa bwino, imafunika chiwerengero. Choncho Mayi Sheppard adatumiza mapepala m'dziko lonse kuti amayi asayinepo mayina ndi malo omwe amakhala. Mu 1891 adasayina amayi oposa 9,000, mu 1892 pafupifupi 20,000, ndipo mu 1893 pafupifupi 32,000. Chiwerengero chomalizachi chidali pafupifupi mmodzi mwa amayi anayi aliwonse achizungu aakulu m'dzikomo.

Mutu umodzi susenza denga. Ku Dunedin, Harriet Morison wa bungwe la amayi ogwira ntchito yosoka adabweretsa mayina ambiri a amayi a m'mafakitale, mogwirizana ndi Helen Nicol. Ku Auckland kudali Amey Daldy. Mu 1892 kudakhazikitsidwa mabungwe a Women's Franchise League kuti amayi osagwirizana ndi zoletsa mowa apezenso polowera. Mapepala akabwerera ku Christchurch, Mayi Sheppard ankawamata limodzi kumapeto kwa linzake n'kumawakulunga pa chidutswa cha mpini wa tsache. Mpukutu waukulu wa 1893 udali ndi mapepala oposa 500 ndipo udatalika mamita pafupifupi 270. Sir John Hall adaulowetsa m'nyumba ya malamulo pa wilibala n'kuutambasula pakati pa mipando ya aphungu.

Chikalata chopempha ndi mtundu wa zolemba wokhala ndi mawu odzichepetsa, momwe wamng'ono amadandaulira wamkulu. Mphamvu ya chikalata cha 1893 idali m'mayina otsatira mawuwo. Zaka 24 m'mbuyomo Mary Ann Müller adabisa dzina lake, koma tsopano amayi zikwizikwi adalemba mayina awo enieni ndi misewu yomwe amakhala, podziwa kuti amuna awo, abusa ndi mabwana awo atha kuona. Kusayina kudali kuchita zomwe otsutsa ankati mkazi sangathe: kuwerenga mfundo ya ndale, kuiganizira ndi kuikapo dzina.

Otsutsa nawo adayesa njira yomweyo. Phungu wa ku Dunedin, Henry Fish, adalipira anthu kuti asonkhanitse mayina otsutsa voti ya amayi, koma zidaululika kuti mayina ena adali abodza. M'nyumba ya malamulo ankagwiritsa ntchito machenjera. Dzikolo lidali ndi nyumba ziwiri, ya aphungu osankhidwa ndi anthu komanso yapamwamba ya mamembala oikidwa ndi boma, yotchedwa Legislative Council. Mu 1891 phungu wotsutsa, Walter Carncross, adawonjezera mu bilu mawu olola amayi kuimanso pa chisankho, podziwa kuti nyumba yapamwamba ikana, ndipo idakanadi. Mu 1892 bilu idafa chifukwa nyumba ziwirizo sizidamvane pa nkhani yolola amayi kuvota kudzera pa positi.

Mu Epulo 1893 nduna yaikulu John Ballance, yemwe ankagwirizana ndi voti ya amayi, adamwalira, ndipo adalowa m'malo ndi Richard Seddon, bwenzi la ogulitsa mowa. Bilu idadutsa m'nyumba yosankhidwa, ndipo Seddon adayembekezera kuti ikafera m'nyumba yapamwamba. Ataona kuti mavoti akuchepa, adakakamiza membala wa chipani chake, Thomas Kelly, kuti asinthe maganizo. Mamembala awiri omwe adali otsutsa biluyo, William Reynolds ndi Edward Stevens, adakwiya ndi mchitidwewu ndipo adavotera mbali ya amayi. Pa 8 Seputembala bilu idadutsa ndi mavoti 20 kwa 18. Kudatsala masabata khumi okha kuchokera tsiku losayinira kufika pa chisankho cha pa 28 Novembala, koma amayi 109,461 adalembetsa ndipo 90,290 adavota. Fish adataya mpando wake pa chisankho chimenecho.

Liwu Limodzi m'Lamulo

Kwa wophunzira chiyankhulo, chochititsa chidwi ndi momwe kusinthaku kudalembedwera. M'gawo lotanthauzira mawu la lamulo la zisankho la 1893 mudaikidwa chiganizo chachifupi chonena kuti liwu loti "person", lomwe m'Chichewa ndi "munthu", likuphatikiza mkazi. Munthu angadabwe kuti mfundo yodziwikiratu chotere idafunikira kulembedwa bwanji. Mbiri ya malamulo a Angerezi ikuyankha.

Mu 1850 nyumba ya malamulo ya Britain idakhazikitsa kuti mawu onena za mwamuna m'malamulo aziphatikizanso mkazi, pokhapokha lamulolo litanena mosiyana. Mu 1867 John Stuart Mill adapempha kuti m'bilu ya zisankho liwu loti "man" lisinthidwe kukhala "person", koma aphungu 73 okha ndiwo adavomereza. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Chorlton ndi Lings, khoti lidagamula kuti pa nkhani ya voti liwu loti "man" silikuphatikiza mkazi. Ndiye kuti pa msonkho ndi pa chilango mkazi ankawerengedwa, koma pa ufulu ankasiyidwa. Liwu loti "person" nalonso silidali lodalirika. Mu 1912 khoti lalikulu la ku South Africa lidagamula kuti Madeline Wookey sangaphunzire ntchito ya uloya chifukwa "persons" m'lamulolo ndi amuna okha. Ku Canada amayi adadikira mpaka 1929 kuti khoti la Privy Council livomereze kuti iwo ndi "persons" oyenera kukhala m'nyumba ya Senate.

M'Chichewa dzina loti "munthu" lili m'gulu la Mu-A ndipo silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mlowam'malo "iye" amaimira onse, ndipo mneni "adavota" sanena ngati wovotayo adavala buluku kapena chitenje. Wina angaganize kuti chiyankhulo chotere chimateteza amayi ku tsankho. Koma ziyankhulo za ku Finland, Turkey ndi Iran nazonso zili ndi mlowam'malo mmodzi wa onse, pomwe amayi adalandira voti mu 1906 ku Finland, mu 1934 ku Turkey ndi mu 1963 ku Iran. Ngakhale m'Chichewa chomwechi, mwamuna "amakwatira" pomwe mkazi "amakwatiwa": wina ndi wochita, wina wochitiridwa. Malamulo a chiyankhulo paokha sapereka ufulu ndipo sauchotsa. Lamulo lomwelo la 1893 lomwe lidati mkazi ndi munthu lidanenanso m'ndime ina kuti mkaziyo sangaime pa chisankho cha phungu, ndipo chiletsochi chidachotsedwa mu 1919.

Mlendo ndi Eni Nthaka

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo a ku New Zealand sadakamuke. Pofika 1858 adali atachuluka kuposa eni dziko, ndipo mu 1896 a Māori adatsala pafupifupi 42,000 okha. Moyo wa Mayi Sheppard sungamveke bwino popanda mbali imeneyi.

Ulamuliro wa Britain m'dzikomo udakhazikika pa pangano la ku Waitangi la pa 6 Febuluwale 1840, lomwe mmishonale Henry Williams ndi mwana wake Edward adalimasulira m'chiyankhulo cha Māori usiku umodzi. Mawu a Chingerezi adati mafumu akupereka ulamuliro wonse kwa Mfumukazi Victoria. Mawu a m'chiyankhulo cha Māori adati akupereka "kāwanatanga", liwu lopangidwa kuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza bwanamkubwa, ndipo adalonjeza kuti mafumuwo adzasunga "tino rangatiratanga", ufumu wathunthu pa nthaka ndi chuma chawo. Mafumu oposa 500 adasayina, ambiri mwa iwo pa mawu a chiyankhulo chawo, ndipo osachepera 13 adali akazi. Boma la atsamunda lidatsata mawu a Chingerezi. Nthaka yomwe padamangidwa Christchurch idali ya fuko la Ngāi Tahu, lomwe mu 1848 lidalandira mapaundi 2,000 pa maekala pafupifupi 20 miliyoni, ndipo malonjezo owasiyira malo okwanira sadakwaniritsidwe. Boma lidapepesa ndi kulipira chipukuta misozi mu 1998.

Lamulo la 1893 lidaphatikiza amayi a Māori, ndipo pafupifupi 4,000 adavota pa 20 Disembala pa chisankho cha mipando inayi yomwe idapatulidwira mtundu wawo kuyambira 1867. Izi zikusiyanitsa New Zealand ndi mayiko ena a Azungu obwera. Ku Australia lamulo la 1902 lidapereka voti kwa amayi achizungu n'kusiya anthu a Aboriginal, ndipo ku South Africa boma la J.B.M. Hertzog lidapereka voti kwa amayi achizungu okha mu 1930, zomwe zidachepetsa mphamvu ya mavoti a amuna akuda a ku Cape. Komabe mipando inayi idali yochepa kwambiri kuti iletse malamulo olanda nthaka.

Amayi a Māori adali ndi nkhondo yawoyawo. Mu Meyi 1893 Meri Te Tai Mangakāhia wa fuko la Te Rarawa adayankhula m'nyumba ya malamulo ya a Māori yotchedwa Kotahitanga, kupempha kuti amayi azivota ndiponso azisankhidwa. Zifukwa zake zidali zokhudza nthaka. Adati amayi ambiri ali ndi malo awoawo, ena ndi amasiye, ena amadziwa kusamala malo kuposa amuna awo, ndipo popeza madandaulo a mafumu aamuna kwa Mfumukazi sadaphule kanthu, mwina Mfumukaziyo ingamvere akazi anzake. Pempho lakeli lidapitirira pa zomwe lamulo la Azungu lidapereka chaka chomwecho, ndipo amayi adayamba kuvota m'Kotahitanga mu 1897. Bungwe la WCTU lidalandira amayi a Māori, koma lumbiro lomwe ankachita polowa linkawaletsanso kutema mphini za pachibwano zotchedwa moko, zomwe ndi chizindikiro cha ulemu ndi mbiri ya banja. Ubale udalipo, koma amene ankanena khalidwe loyenera mkazi wabwino adali mlendo.

Zaka Zomaliza

Mayi Sheppard sadaone voti ngati mathero a ntchito. Mu 1896 adakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la National Council of Women of New Zealand, lomwe linkafuna kuti mkazi wokwatiwa azikhala ndi gawo lake pa ndalama za banja, kuti malipiro azifanana ndiponso kuti amayi aloledwe kukhala aphungu. Mu 1898 lamulo lothetsa banja lidasinthidwa kuti zifukwa zikhale zofanana kwa mwamuna ndi mkazi. Chomwe chidawalowetsa m'ndale, kuletsa mowa m'dziko lonse, sichidatheke, ngakhale kuti pa riferendamu ya mu Disembala 1919 mbali yoletsa idatsala pang'ono kufika theka la mavoti.

Thanzi lawo lidayamba kuvuta chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo adaika maliro ambiri. Mwana wawo Douglas adamwalira mu 1910, amuna awo mu 1915, ndipo mdzukulu wawo mmodzi yekha mu 1930. Mu 1925 adakwatiwa ndi William Lovell-Smith, yemwe adali atalemba mbiri ya nkhondo yomenyera voti ya amayi, ndipo nayenso adatsogola mu 1929. Mu Seputembala 1933 Elizabeth McCombs adapambana mpando wa Lyttelton, doko lomwe Mayi Sheppard adafikira, n'kukhala phungu woyamba wamkazi patatha zaka 40 chiperekedwere voti. Mayi Sheppard adamwalira ku Christchurch pa 13 Julayi 1934. Phungu woyamba wamkazi wa mtundu wa Māori, Iriaka Rātana, adasankhidwa mu 1949, ndipo nduna yaikulu yoyamba yaikazi, Jenny Shipley, idalowa m'boma mu 1997.

Mawu Omaliza

Chimangirizo chino chaonetsa kuti Mayi Kate Sheppard adapambana pogwiritsa ntchito mitundu itatu ya zolemba: kapepala ka mfundo, tsamba la nyuzipepala ndi chikalata cha mayina. Kapepala kadapereka zifukwa, nyuzipepala idasunga nkhaniyo m'makutu mwa anthu chaka ndi chaka, ndipo mayina adatsutsa bodza loti amayi safuna voti. Zonsezi zidabala chiganizo chimodzi chachifupi m'lamulo, chonena kuti mkazi ndi munthu. Taonanso kuti chiganizocho chidali ndi malire, pakuti munthu yemweyo adaletsedwa kukhala phungu kwa zaka zina 26, ndipo mayi wa Māori adalandira voti m'nyumba yomwe inkapanga malamulo omulanda munda.

Kuyambira 2017 chikalata cha 1893 chimaonetsedwa ku National Library mumzinda wa Wellington, m'chipinda chimodzi ndi pangano la ku Waitangi. Zolemba ziwirizi n'zofunika kuziwerengera pamodzi. M'pangano la 1840, kusiyana kwa mawu awiri pomasulira kudathandiza kuchotsa ulamuliro m'manja mwa eni dziko. M'chikalata cha 1893, mayina a amayi wamba adakakamiza aphungu kukulitsa tanthauzo la liwu limodzi. Ife ophunzira chiyankhulo tidzagwira ntchito yomasulira malamulo, mapangano ndi zikalata za boma. Tikakumana ndi mawu ngati "munthu", "nzika" kapena "mwini malo", tiyenera kufunsa kuti wolembayo waphatikiza yani, wasiya yani, ndipo wosiyidwayo ali ndi njira yanji yoyankhira.